Adokowe a ku Chiponde ndi Abale Ao a Kutali

Munthu wofuna kufika ku Chiponde kuchokera ku boma la Mangochi ayenera kuoloka mtsinje wa Shire pa mlatho, pafupi ndi nsanja ya wotchi imene Azungu anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria masiku aja malowo analikutchedwa Fort Johnston. Ataoloka ayenda pang'ono m'chigwa chotentha cha milambe ndi migwalangwa. Pamenepo mseu uyamba kukwera mapiri a Chowe mokhotakhota, ndipo galimoto yolemedwa ndi matumba ibuula kufikira pamwamba. Wocheuka ali pamtundapo aona nyanja ya Malombe iri phee pansi pache, ndi Shire alikulowamo ngati ulusi. Mphepo isanduka yozizira, ndipo posachedwa afika pa Namwera, dziko la fodya ndi chimanga. Kuchoka apo sipatenga nthawi kufika pa Chiponde, pamene dziko la Malawi lithera ndi la Mozambique liyambira.

Ife tinapitako m'mwezi wa Januwale, mvula iri pakati, kukachezera akristu a m'midzi yozungulira. Akristuwo ngowerengeka, pakuti dziko limeneli ndi la Ayao, ndipo ambiri a iwo ndi Asilamu. Koma anatilandira onse bwino lomwe, ndipo nkhuku imene tinadya tsiku loyamba anaizinga ndi mnansi wa Chisilamu, monga achitira kumeneko, kuti ali yense wobwera adye nao mosakayika. Pa Chiponde penipeni pali chipata cha boma, nyumba za oyang'anira malire ndi za okhometsa msonkho, ndi msika waphokoso. Anyamata a njinga za kabaza ndi a njinga zamoto anyamula anthu ndi katundu kunka ku Mandimba, mudzi waukuru wa mbali ya ku Mozambique. Ena aima m'mphepete mwa mseu ndi mitolo ya ndalama m'manja, nasinthanitsa makwacha ndi mametikali. Chiyao, Chinyanja ndi Chipwitikizi zimveka pamodzi.

Malire amenewa anawalemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lao la chaka cha 1891, osafunsa eni dziko, ndipo anadula pakati mafuko ndi mabanja. Mfumu Jalasi inakhala pa phiri la Mangochi nilimbana ndi asilikari a Angerezi kufikira 1895, pamene anaigonjetsa. Makoma a linga limene iwo anamanga pambuyo pache alipobe m'nkhalango. Ndipo tisaiwale kuti ansembe a White Fathers anayamba kufikira m'boma lomweli, kwa Mponda, m'chaka cha 1889, nachokapo mu 1891 ntchito yao isanazike mizu. Zimenezi tazinena mwachidule, pakuti nkhani yathu mwezi uno, abale athu owerenga, ndi ya mbalame.

Tsiku lachitatu, tirikuyenda pansi kumwera kwa Chiponde, cha ku mseu wonka ku Nselema ndi Liwonde, tinapatukira m'dambo lalikuru, ndipo tinaona mbalame zazitali zirikuyenda mofatsa m'udzu, ngati makumi atatu. Ana otiperekeza anati ndi akakowa. Koma kakowa timdziwa tonse: ngwamng'ono, ngwoyera thupi lonse, ndipo atsata ng'ombe. Izi zinali zazitali kupitirira chiuno cha munthu wamkuru, zoyera thupi koma zakuda nthenga za kumapiko, milomo yao yaitali ndi yofiira. Miyendo yao nayo njofiira, ngakhale inaoneka yotuwa ngati yopakidwa njereza, chifukwa mbalameyi ikamva kutentha idzichitira chimbudzi pamiyendo kuti izizidwe. Sizinalire konse. Zinali kungotola ziwala, achule ndi mbozi, ina apa, ina apo. Ameneyu ndiye dokowe woyera.

M'dziko la Malawi muoneka mitundu isanu ndi itatu ya adokowe. Ina ikhala nafe chaka chonse, monga chiswankhono wakuda uja wa m'mbali mwa nyanja, amene mlomo wache sutsekeka pakati, ndi wina wamkuru wadazi, wa thumba pakhosi, wakudya zakufa pamodzi ndi miimba. Koma alipo alendo awiri obwera ndi mvula: woyera uyu, ndi wina wocheperapo, wakuda koma woyera pamimba, amene aswera m'midzi ya kumpoto, kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia.

Nkhalamba ina imene inalikupalira chimanga pafupi ndi dambolo inatiuza kuti yaona mbalamezi chaka ndi chaka chiyambire ubwana wache. Kuti zifika mvula itayamba ndi kuchoka anthu asanakolole. Ndi kuti iyo iletsa adzukulu ache kuziponya miyala, popeza zidya dzombe ndi ntchemberezandonda. Koma chisa cha mbalameyi, kapena dzira lache, nkhalambayo sinalionepo, ngakhale atate ache sanalione. Ndipo inatifunsa ife, monga anthu a sukulu, kumene mbalamezi ziswera.

Ziswera ku Ulaya. Kumeneko dokowe amanga chisa chachikuru cha timitengo pa madenga a nyumba, pa nsanja za matchalitchi ndi pa mitengo ya magetsi, ndipo eni nyumba akondwera naye, namuyesa mwai. Alibe mau olira nao. Mwamuna ndi mkazi akakomana pachisa apereka moni pogunditsa milomo, kho kho kho. Pamene anawawerenga mu 2004, m'dziko la Poland lokha anapezamo mabanja oposa 50,000. M'mwezi wa Ogasiti, chisanu chisanafike, onse anyamuka. Dokowe sakupiza mapiko ulendo wonse, iai. Akwera pa mpweya wotentha wochokera pa nthaka, monga achitira miimba, nazungulirazungulira kufikira pamwamba, natsetsereka kukafuna mpweya wina. Pamwamba pa nyanja palibe mpweya wotere, chifukwa chache nyanja ya Mediterranean ailambalala. A kumadzulo aolokera pa Gibraltar kunka ku maiko a kumadzulo kwa Africa. A kum'mawa aolokera pa Istanbul, nadutsa Turkey, Dziko Loyera ndi Egypt, natsata mtsinje wa Nile, ndipo ena afika kuno kwathu, ena mpaka ku South Africa. Kuchokera ku Poland kufika ku Chiponde pali makilomita oposa 7,000, munthu atayesa molunjika. Tsono mbalame zija tinaziona m'dambo zinauluka pamwamba pa dziko limene Ambuye athu anayendamo. Mneneri Yeremiya anazidziwa, ndipo pa mutu 8, ndime 7, atchula dokowe pofuna kuchititsa manyazi anthu amene mbalame iwaposa kudziwa nyengo yache.

Nkhalamba ya ku Chiponde isachite manyazi, pakuti Azungu naonso anakhala zaka mazanamazana akudziwa chisa koma osadziwa kumene mwini chisa apita. M'chaka cha 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anapha dokowe amene anali ndi muvi wautali wa ku Africa wopyoza khosi lache. Mlenje wina wa kuno kwathu anamlasa, ndipo iye anauluka nao muviwo kubwerera kwao. Mbalameyo aisungabe ku sukulu ya ukachenjede ya ku Rostock, muvi uli pakhosi. Pambuyo pache, mu 1899, mphunzitsi wina wa ku Denmark, dzina lache Mortensen, anayamba kuveka mbalame mphete zolembedwa nambala pa mwendo, ndipo mphetezo, potoledwa m'maiko akutali, zinaulula njira yonse.

Tsono imvani chimene chinaoneka m'maiko ena. Anthu anaumitsa madambo kuti alimemo, nathira mankhwala m'minda, namanga nthambo za magetsi zimene mbalame ziombamo. Achule ndi ziwala zinachepa, ndipo adokowe anachepa nazo. Pofika 1950 m'dziko la Switzerland munalibe ndi banja limodzi lomwe loswa. Mphunzitsi wina, Max Bloesch, zinamuwawa mumtima, ndipo mu 1948 anamanga khola la adokowe pa mudzi wa Altreu. Posowa mbalame za pafupi, kuyambira 1955 anakatenga anapiye ku Algeria, kumpoto kwa Africa, pafupifupi 300, nabwera nao pa ndege. Anawasunga m'khola zaka zingapo, nawadyetsa, kufikira atakula ndi kupeza anzao, pamenepo anawatsegulira. Ntchito yache siinapite pachabe, pakuti lero ku Switzerland kuli mabanja mazana ambiri. Koma ambiri a mbalame zoleredwazo anaiwala ulendo. Chisanu chikafika anangokhala pamudzi, kudikira chakudya cha m'manja mwa munthu, ngati nkhuku.

Ku Sweden zinaoneka poyera koposa. Kumeneko adokowe anatha mu 1954, ndipo mu 1989 anthu anayamba kumasula ena oleredwa m'khola, a mtundu womwe uja wa kumpoto kwa Africa. Pakati pao panalowa ochepa a mtundu wa kumpoto kwa Ulaya, ena obwera okha, ena ochita kukatenga. Katswiri wina, Ola Olsson, anatsata mabanjawo zaka 17, ndipo mu 2007 analengeza chimene anapeza: mabanja a mtundu wa kumpoto kwa Ulaya analera ana ochuruka kawiri kuposa mabanja a mtundu wa ku Africa, ndiponso mbalame zokhala ndi magazi a kumpotowo ndizo zinakonda kunyamuka ulendo nyengo ikakwana. Kuziona ndi maso, mbalame zonsezo nzofanana, nthenga ndi milomo yomwe. Kusiyana kwache kuli m'kati. Chifukwa chache a ku Sweden anatembenuka nakatenga adokowe ena ku Poland.

Kodi cha m'katicho nchiani? Amene anayamba kuchiunika bwino anali wansembe, Bambo Gregor Mendel, wa chipani cha Augustino Woyera, m'nyumba ya amonke ku Brno. Iye anabzala nsawawa m'dimba la amonke zaka zambiri, nakwatitsa zazitali ndi zazifupi. Ana ache onse anatuluka atali. Koma pobzala mbeu za anawo, mwa zinai ziri zonse imodzi inatuluka yaifupi. Ufupi uja sunafe, unangobisala. Analemba zimenezi mu 1866, ndipo anthu sanazisamale kufikira iye atamwalira. Lero ophunzira atchula timagawo ta chibadwa timeneti ndi mau obwereka akuti majini; koma m'dziko la Ayao mau amenewa atanthauza mizimu, ndipo tingaopse nao amai pachabe, tsono ife tidzangoti mbeu za chibadwa.

Cholengedwa chiri chonse chilandira mbeuzi ziwiriziwiri, ina kwa atate, ina kwa amai. Mwa zikwi zambiri zimene chilandira, zina nzoonongeka. Koma kawirikawiri yoonongeka ya mbali imodzi iphimbika ndi yabwino ya mbali inayo, monga ufupi wa nsawawa unaphimbika ndi utali. Tsono atate ndi amai akakhala apachibale, onse awiri angathe kusenza mbeu yoonongeka imodzimodziyo, yochokera kwa gogo mmodzi, ndipo mwana akailandira mbali zonse ziwiri palibe choiphimba. Pamenepo mazira asukusa, anapiye afoka, ndi kubala kuchepa. Palinso choopsa china: ziweto zonse zikafanana m'kati, nthenda imene igwetsa imodzi igwetsa zonse, popeza palibe yosiyana imene ingapirire.

Amai a m'midzi mwathu sanawerenge za Bambo Mendel, komabe adziwa kuti tambala akakhalitsa pakhomo, nayamba kukwera ana ache ndi adzukulu ache, nkhuku zichepa msinkhu ndi mphamvu; ndipo apita kukasinthana tambala ndi mnzao wa mudzi wina. Oweta mbuzi achita chomwecho ndi tonde. Ku Chiponde tinaona munthu alikukankha njinga kuchokera ku Mandimba, tonde ali chomangidwa pambuyo, ndipo tinati mumtima: uyu alikuchita ntchito yomwe ija akatswiri aichita ndi ndege.

Ife akatekisiti nafenso tiri ndi kafukufuku wathu. Mnyamata ndi mtsikana akadza kudzalembetsa ukwati, tiwafunsa za makolo ao ndi agogo ao, titsegula buku la ubatizo, ndipo maina ao aitanidwa m'tchalitchi kuti wodziwa chopinga anene. Makolo athu analola ukwati wa chisuweni, koma analetsa kolimba ukwati wa ana a mbumba imodzi. Eklezia aletsa ngakhale wa asuweni enieni, pokhapokha Ambuye Episkopi atapereka chilolezo. Zifukwa za Eklezia sizithera pa magazi pokha, pakuti afunanso kuti chikondi chituluke pakhomo ndi kulumikiza mabanja achilendo. Ndipo pasakhale wina wowerenga mau ano nkumaloza chala banja la mwana wolumala. Zifukwa za kulumala nzambiri, ndipo zochuruka sizikhudzana ndi chibale konse.

Koma nkhani yotigwira mtima koposa ndi ya ku Japan. Kumeneko kuli mbale wache wa dokowe wathu, wokulirapo, wa mlomo wakuda, amene aswera makamaka kum'mawa kwa Russia ndi ku China, ndipo ali m'gulu la mbalame zimene ziri pafupi kutha pa dziko lonse. Kale anali wambiri m'minda ya mpunga ya ku Japan. Anthu anamsaka ndi mfuti. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anadula mitengo yaitali imene iye anamangamo zisa. Ndipo nkhondo itatha anathira m'minda mankhwala aululu amene anapha nsomba ndi achule, nalowa m'matupi a mbalame zodya zimenezo. Otsala anasonkhana pa mudzi umodzi, Toyooka. Mu 1965 anthu a pamenepo anayamba kugwira otsalawo ndi kuwaika m'khola, nalonjeza kuti tsiku lina adzawabwezera kumwamba. Chaka ndi chaka mbalame zinaikira mazira, ndipo chaka ndi chaka mazirawo sanaswe. Mu 1971 dokowe wotsiriza wa kuthengo anafa. Mu 1986 anafanso wotsiriza wa mtundu wa pa Toyooka m'khola muja. Mbeu ya kumeneko inatheratu.

Chinawapulumutsa ndi mphatso ya alendo. Mu 1985 anthu a ku Khabarovsk, ku Russia, anatumiza anapiye asanu ndi mmodzi otengedwa kuthengo, ndipo mu 1989, patapita zaka 24 chiyambire ntchitoyo, dzira loyamba linaswa. Taganizani, inu amene mutaya mtima mbeu ikakana chaka chimodzi! Mbalame zinachuruka m'khola, ndipo pa 24 Sepitembala 2005 anamasula zisanu pamaso pa khamu la anthu. Mu 2007 mwana woyamba anaswedwa kuthengo nauluka. Pofika 2022 adokowe a kuthengo m'dziko la Japan anaposa 300.

Wina angayese kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mazana atatu obadwa mwa makolo owerengeka ali ngati mudzi waukuru umene anthu ache onse ndi a mbumba imodzi. Ndiponso m'khola mabanja sabala mofanana: lina libala chaka chiri chonse, lina likana, ndipo posakhalitsa theka la mudzi likhala zidzukulu za gogo mmodzi. Chifukwa chache osunga mbalamewo ali ndi buku la mibadwo, longa buku lathu la ubatizo, lolembamo mbalame ndi atate ache ndi amai ache. Ndipo anapiye, ngakhale oswedwa kuthengo, awakwerera pachisa nawaveka mphete zamitundumitundu kuti adziwike patali. Asinthana mbalame ndi mazira ndi malo ena osungirako nyama. Pena achotsa mazira pachisa cha kuthengo naikapo mazira a banja lina limene magazi ache ngosowa, monga amai aikira mazira a nkhanga pansi pa thadzi. Ndipo dokowe wa kuthengo akauluka yekha kuchokera kutsidya kwa nyanja natera pakati pao, amlandira ngati mkamwini wochokera kutali.

Ana a katekisimu, amene sasowa mafunso, adzati: Nanga Nowa sanalowetse ziwiriziwiri m'chombo, ndipo zinakwanira? Tiwayankhe kuti awerengenso bwino mutu 7 wa Genesis, pakuti pamenepo mbalame za mumlengalenga sizilowa ziwiri zokha, koma zisanu ndi ziwiri za mtundu uli wonse, zazimuna ndi zazikazi, kuti mbeu yao isafe. Komanso Malembo Oyera analembedwa kutiphunzitsa za chipulumutso. Za kaweto Mulungu anatipatsa maso ndi nzeru kuti tifufuze tokha, monga anachitira Bambo Mendel.

A ku Toyooka anazindikiranso kuti kumasula mbalame m'dziko lomwe lija linaipha nkungoipha kawiri. Tsono alimi ambiri anasintha kalimidwe kao. Anachepetsa mankhwala, ena nawaleka konse. Asiya madzi m'minda ya mpunga nyengo yachisanu. Ndipo achedwetsa kuumitsa minda kufikira ana a achule atamera miyendo. Mpunga wolimidwa motero augulitsa ndi dzina la dokowe, pa mtengo woposa wa mpunga wamba.

Zoterezi sizichitika kutali kokha. Nkhalango ya Mangochi ija muli linga, imene mseu wa ku Namwera upita pambali pache, inaperekedwa mu 2018 m'manja mwa bungwe la African Parks, limene kuyambira 2015 liyang'anira malo osungirako nyama a Liwonde pamodzi ndi boma. Ku Liwonde zipembere zinatha kalekale. Mu 1993 anabwera nazo ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, kuchokera ku Kruger ku South Africa, ndipo pambuyo pache anaonjezapo zina zochepa. Chipembere chikhala ndi bere miyezi khumi ndi isanu, nichibala mwana mmodzi. Ndipo pokhala m'kati mwa mpanda wa waya sichingapite kukafuna mnzache wa magazi achilendo. Chifukwa chache mu 2019 anatenga zina 17 ku KwaZulu-Natal nabwera nazo pa ndege. Akakwiyo naonso, amene anasowa m'Malawi zaka makumi awiri, anabwezedwa ku Liwonde mu 2017. Oyambawo anali anai, ndipo anawasankha dala kuchokera ku malo osiyanasiyana a ku South Africa kuti asakhale apachibale. Ndalama zimene zipita pa ntchito yotere nzosaneneka, ndipo siitha: mpanda ukakhalapo, munthu ayenera kukhala nkhoswe ya nyamazo mibadwo yonse.

Adokowe a m'dambo la ku Chiponde safuna nkhoswe. Abadwa m'zisa zikwizikwi za maiko ambiri, asakanizana m'njira, ndipo wamng'ono aphunzira ulendo pouluka pambuyo pa akuru. Chuma chimene a ku Japan achifunafuna ndi mabuku ndi mphete, awa ali nacho chathunthu. Koma miyezi ingapo ya chaka chiri chonse moyo wao uli m'manja mwa ife a ku Africa, ndipo chimene afuna kwa ife ndi dambo lokhala ndi chakudya. Kumwera kwa Chiponde, m'boma la Machinga, kuli nyanja ya Chiuta pamalire pomwe, imene madzi ache apita ku Amaramba ndi kutulukira mu mtsinje wa Lugenda. Kupitirira apo kuli Chilwa, imene inalembedwa m'pangano la Ramsar monga dambo lofunika kwa maiko onse chifukwa cha mbalame zache. Zigwa za nyanja ziwirizi zidziwika kuti ndi moswera dzombe lofiira, ndipo kumene kuli dzombe dokowe sasowa. Koma Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphwanso mbali yaikuru mu 2018. Ndipo nsomba zikasowa anthu atembenukira ku mbalame.

Sitidzudzula munthu wanjala, ndipo sitinena kuti madambo asalimidwe, pakuti anthu achuruka ndipo munda sukula. Koma ziripo zina zimene tinaziona pa ulendowu zosapindulitsa munthu ali yense. Tinaona mnyamata alikutsuka chopopera mankhwala a fodya m'kamtsinje kolowa m'dambo, pamwamba pa malo amene amai atungapo madzi. Tinaona mabotolo a mankhwala otayidwa m'ngalande. Tinaona ana alikuyesa malegeni ao pa mbalame imene sakanaidya nkomwe. Mankhwala amene anatha adokowe a ku Japan anayamba ndi kupha achule, ndipo panalibe munthu anawerengera achulewo. Atate ndi amai, zimenezi ziri m'mphamvu yanu: chopopera chitsukidwe kutali ndi madzi, botolo lisatayidwe poyera, ndi mwana auzidwe kuti mbalame iyo ndi mlendo wodya adani a chimanga chathu.

Ndipo wina akapeza dokowe wakufa ali ndi mphete pamwendo, asaope. Si chithumwa, si ufiti. Alembe bwino zilembo ndi manambala onse a pampheteyo, tsiku ndi malo, napereke kwa alangizi a za nyama zakuthengo kapena kwa Bambo Mfumu, kuti mau akafike kwa amene anaiveka. Zina zisenza kabokosi kakang'ono pamsana, kouza akatswiri kumene mbalame yafika. Mu 2013 munthu wina ku Egypt anagwira dokowe wa ku Hungary wosenza kabokosi kotere, namuyesa kazitape, nampereka kupolisi, ndipo mbalameyo inagona m'chitolokosi kufikira akatswiri ataimasula. Pa Chiponde, pamene munthu ali yense afunsidwa chiphaso, nkhani imeneyi inaseketsa anthu kwambiri.

Kumapeto kwa Febuluwale ndi m'mwezi wa Malichi adokowe ayamba kusonkhana m'magulu akuru, ndipo m'mawa wina, dzuwa litatenthetsa nthaka, azungulira kukwera kumwamba nalunjika kumpoto. Pofika Epulo ali pa madenga a ku Poland. Kawirikawiri mwamuna ndiye ayamba kufika, nakonza chisa chakale. Mkazi aikira mazira atatu, anai kapena asanu, ndipo onse awiri afungatira mosinthana mwezi umodzi ndi masiku owerengeka. Anapiye akhala pachisa miyezi iwiri. Mu Ogasiti anyamuka ulendo umene sanauyendepo. Ambiri afera m'njira, pa nthambo za magetsi, m'chipululu ndi m'manja mwa alenje, ndipo ena mwa opulumukawo atera m'madambo a ku Chiponde Kirisimasi isanafike.